Apongozi sanapse, ndipo loboti sinalakwe

Popeza nkhani ya loboti yanga, tiyi ndi apongozi yafika kale pa Chitakale mpaka akabaza ayamba kundiitana kuti Injiniya wa Tiyi, bola ndiifotokoze ndekha. Amene akunena kuti apongozi anagonekedwa m'chipatala ndi abodza.

Loboti ija inalibe vuto: matayala anayi, kakompyuta kakang'ono koiyendetsa kotchedwa Arduino Uno, kachipangizo ka Bluetooth ka HC-05 kolandira malamulo, ndi foni yakale pamwamba yogwira ntchito ya kamera. Chinandilaula ndi tabuleti yomwe ndinagula pamsika wa ku Limbuli. Pakatoni analemba kuti memori yake ndi 4 GB, m'kati muli 1 GB, theka lake Android anadya kale. Ine n'kuikamo pulogalamu yoonetsa vidiyo ya kamera kwinaku ikutumiza malamulo ku loboti. Kusenzetsa nkhuku thumba la chimanga.

Lamulungu apongozi akazi atabwera kuchokera ku Luchenza, ndinati mkamwini sayandikira apongozi, ndiye tiyi awapititsire ndi loboti. Ulemu umenewo. Iwo pamphasa pansi pa mtengo wa mapeyala, ine pakhonde, kapu pamwamba pa loboti.

Ndinadina "patsogolo". Zii. Ndinadinanso. Zii. Ndinadina kasanu ndi kawiri ngati wogogoda pakhomo pa wangongole, tabuleti itatentha ngati chiwaya cha tchipisi. Osadziwa kuti malamulo onsewo angoima pamzere ngati kuchigayo, kudikira purosesa, ubongo wa tabuleti, imalize kutafuna vidiyo. Kenako inawamasula onse kamodzi.

Loboti inanyamuka ngati minibasi ya ku Limbe yolimbirana pasenjala. Ndinadina "ima", koma "ima" anali kumapeto kwa mzere.

Tsono pasikirini chithunzi chinali chidakali chakale: apongozi akumwetulira, manja pamiyendo, mtendere wokhawokha. M'makutu ndikumva, "Mayo ine! Bambo, chotsani chinthu chanuchi!" Ndikayang'ana pansi, akumwetulira. Ndikadzutsa mutu, akwera pamtondo, chitenje chili tiyi yekhayekha, nkhuku zili balala, loboti ikugundagundabe mtondowo kumalizitsa malamulo ake. Ndikayang'ananso pansi, akumwetulirabe, mwinanso kuposa poyamba. Ndisaname, kwa kanthawi ndinasankha kukhulupirira tabuleti. Iyo n'kundifunsa m'Chingerezi ngati ndikufuna kudikira kapena kutseka pulogalamu. Ndinadina kudikira.

Mphwanga amene akuphunzira ku yunivesite ya MUST akuti ndikanachepetsa vidiyo ija n'kuika kasensa koimitsa loboti ikaona chinthu kutsogolo. Kasensako ndili nako, kali m'kabati. Koma taganizani, Arduino ili ndi memori ya 2 KB basi, kadontho poyerekeza ndi 1 GB ya tabuleti, ndipo inachita chilichonse chomwe inauzidwa. Komanso pakanapanda kuchedwa kwa tabuletiyo, tiyi akanafika ali wotentha. Zimenezi palibe akuzitchula.

Apongozi anatumiza nthochi sabata yatha, ati za ana okha. Tabuleti mayi a kunyumba akuvundikirira mtsuko.