Zikomo nonse, amayi ayambanso kuyenda

Abale ndi alongo, anansi athu a ku Bangwe ndi inu akumudzi ku Chiradzulu, ndikulemba m'malo mwa banja lathu lonse. Amayi athu, amene sitiroko inawagwetsa chaka chatha nthawi yokolola, tsopano akuyenda okha ndi ndodo, akusamba okha, ndipo Lamulungu lapitali anafika kutchalitchi wapansi. Munatigwira mkono ambiri, ndiye sindingangokhala chete.

Ndiyambe ndi inu alamu. Tsiku limene amayi anagwa pafupi ndi nkhokwe, pakamwa patakhota, mkono ndi mwendo wakumanja zitalefuka, mawu osamveka, panali anthu amene ankati amenyedwa hamala, tithamangire kwa sing'anga. Inu munakana kwamtuwagalu, munapeza galimoto, ndipo tsiku lomwelo amayi anagona kuchipatala. Ku Queens madokotala anatifotokozera kuti mtsempha wina wa mu ubongo unatsekeka mbali yakumanzere, n'chifukwa chake mbali yakumanja ya thupi inafa ndiponso lilime linamangika. Gwero lake linali BP. Amayi sankamva kupweteka paliponse, ankalima ngati kale, koma magazi ankathamanga kupitirira 140/90 osadziwa. Anamwino a muwodi ija, ndi magadiyani anzanga amene tinkagawana nkhuni ndi ndiwo, Mulungu akudalitseni.

A mafizo a ku Kachere Rehabilitation Centre, inu ndiye ndikusowa mawu. Ife mwachikondi chathu tinkafuna amayi azingogona, tiziwadyetsa, tiziwanyamula. Inu munatiuza mosabisa kuti munthu wachikulire akakhalitsa pamphasa minofu imatha msanga, mfundo zimauma, ndipo kumudzutsanso imakhala ntchito. Munati ubongo umatha kuphunziranso ntchito imene unataya, makamaka miyezi yoyambirira, koma umaphunzira pobwerezabwereza. Munatiphunzitsa kuwatembenuza kuti asachite zilonda, komanso kuti tisamawakoke ndi mkono wolefukawo powadzutsa chifukwa phewa limavulala. Mafizo ake anali a zinthu zapakhomo pompano: kudzuka pampando n'kukhalanso, kuponda sitepe yapakhonde, kutola nyemba m'lichero imodziimodzi n'kuponya m'kapu. Ndinaona ndi maso anga zala zawo zikunjenjemera pamwamba pa nyemba imodzi, thukuta lili kamukamu pamphumi, mpaka anaitola. Achimwene aang'ono, nsungwi ziwiri zija munakhoma kuseri kwa nyumba kuti amayi aziyenda pakati atagwirira, zinagwira ntchito kuposa chilichonse chimene tinagula.

Koma chimene chinatiopsa kwambiri si mwendo ayi. Titabwerera kunyumba amayi anasiya kudya, ankayang'ana kukhoma tsiku lonse, misozi ili chuchuchu popanda wowayamba. Mawu ochepa amene ankatha kutulutsa anali akuti, "Ndasanduka katundu." Munthu amene analera ana asanu ndi khasu lake, lero azidikira mdzukulu kuti amuperekeze kuchimbudzi, zinawapweteka mumtima. A dokotala anatiuza kuti amenewa ndi matenda a maganizo, ndipo amagwira pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse amene adwala sitiroko. Anati tisawakalipire kuti akuchita ulesi, ndipo tisawasiye okha m'chipinda.

Apa ndi pamene amayi a Mvano munalowerera. Simunabwere kudzangopemphera n'kumapita. Munkabwera Lachinayi ndi mtedza wanu, n'kuwatulutsa amayi panja, kuwaikira lichero pamiyendo kuti aziswa nawo, uku mukuwafunsa malangizo a zaukwati wa mwana wa mnzanu ngati mmene munkachitira kale. Munawabwezera ulemu wawo. Ndipo tsiku lina mukuimba nyimbo ya m'buku, amayi amene ankalephera kutchula dzina langa anaimba nawo ndime yonse, mawu onse omveka. A mafizo anati zimenezi zimachitika ndithu kwa ena amene sitiroko yawamanga lilime, kuimba kumatsogola, kulankhula n'kumabwera pambuyo. Kuyambira pamenepo tinkayenda nawo pakati pa nsungwi paja tikuimba, ndipo mafizo anasiya kukhala nkhondo.

Achimwene ku Johannesburg, ndalama ya thiransipoti ndi mankhwala simunaphonyepo ngakhale zinthu zinali zothina kumeneko. Anzanga a banki m'khonde munandidikira osandichititsa manyazi. Mnyamata wa kabaza amene unkayenda pang'onopang'ono m'mabampu ngati wanyamula mazira, zikomo mwanawe. Kwa mwana wanga wamkazi, amene ankawerengera agogo ake masitepe m'mawa uliwonse asanapite kusukulu, ndidzakuuza pamaso.

Sindikunena kuti zonse zatha. Dzanja lakumanja silinabwererepo bwinobwino, khasu sagwira, ndipo akatopa mawu amasokonekera. Mankhwala a BP akumwa tsiku lililonse ndipo sadzasiya. Mchere tachepetsa nyumba yonse, poti a zaumoyo amati munthu asapyole magalamu 5 patsiku, kasupuni kamodzi kakang'ono. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa achikulire kulimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndiye madzulo alionse amayi amayenda kukafika pamjigo n'kubwerera, azakhali ali pambali, nawonso akuti mawondo awo ayamba kumasuka. Ine ndi achimwene tinakayezetsa BP, ndipo ndikupempha inu amene makolo anu ali kumudzi, mukapita mukawaperekeze kuchipatala akayezetse ngakhale akunena kuti ali bwino.

Kumapeto kwa mwezi uno amayi akubwerera kumudzi, ndipo akuti aliyense amene anawaonapo ali chigonere abwere adzawaone ataimirira. Njinga ya olumala imene tinagula ija sakuigwiritsanso ntchito, ili bwinobwino. Ngati mukudziwa banja limene likuisowa, ndiuzeni kuno ku Facebook, tidzakapereka tokha.