Liwu loti inflation linayambira m'mimba

Ndikuwerenga za chuma pokonzekera mayeso, ndipo pafupifupi tsamba lililonse pali liwu loti inflation. M'kalasi amangoti ndi kukwera kwa mitengo ya zinthu, basi, n'kupitirira. Chomwe chinkandizunguza n'chakuti m'Chingerezi chomwecho kupopa tayala amati inflate. Tayala ndi mtengo wa shuga zikumana pati?

Gwero lake ndi Chilatini. Aroma ankati flare potanthauza kuuzira. Akaika in kutsogolo limakhala inflare, kuuzira m'kati mwa chinthu, kaya ndi chitoliro choimbira kaya thumba lachikopa loti lifufume. Liwuli litafika m'Chingerezi m'zaka za m'ma 1300, eni ake anali anthu ochiza matenda. Inflation kunali kutupa kwa mimba chifukwa chodzadza mpweya, ndipo m'bale wake weniweni ndi flatulence, kuja kotulutsa mpweya woipa. Ankalinenanso za munthu wonyada, monga momwe ife timanenera kuti wadzitukumula. Konseku ganizo ndi limodzi: chinthu chikuoneka chachikulu koma chomwe chachikulitsa ndi mphepo.

Za ndalama zinabwera mochedwa kwambiri, ndipo zinayambira ku America m'zaka za m'ma 1830, pomwe mabanki ambirimbiri ankasindikiza ndalama zawozawo zapepala. Liwuli linadzamera mizu pa nkhondo yapachiweniweni ya dzikolo. Mu 1862 boma linayamba kutulutsa ndalama zapepala zotchedwa greenbacks, zomwe munthu sakanatha kukazisinthitsa ndi golide, ndipo mitengo inakwera. Apa ndi pomwe ndinakhalitsapo, chifukwa chomwe anthu a nthawi imeneyo ankati chafufuma sinali mitengo ayi. Zinali ndalamazo. Mapepala achuluka, koma golide ndi katundu m'dziko ndi yemwe uja. Kukwera kwa mitengo chinali chotsatira chake chabe. Pang'onopang'ono dzina linachoka pa choyambitsa n'kukakhala pa chotsatira, ndipo lero tikamva pawailesi kuti inflation yafika pakutipakuti, akunena za mitengo.

Tanthauzo lakalelo ndi lomwe landithandiza kumvetsa zomwe zinachitika ku Zimbabwe, komwe kumayambiriro kwa 2009 kunatuluka pepala limodzi lolembedwa madola 100 thililiyoni. Maziro anali mbwee, koma mphamvu yogulira inali itatha kalekale. Komabe sindingalimbe mtima kunena kuti tanthauzo lakale limafotokoza zonse. Mvula ikavuta chimanga chimakwera popanda wina kusindikiza kanthu, ndipo mafuta akakwera kunja minibasi nayo imakweza. Mbiri ya liwu imakuuza momwe anthu akale ankaganizira, osati kuti ankalondola pa chilichonse.

Mnzake wa inflate ndi deflate, kutanthauza kuphwetsa, ndipo ndi wamng'ono kwambiri. Anayamba kumveka cha m'ma 1890, nthawi yomwe matayala opopa ankafala, John Boyd Dunlop atapanga lake ku Belfast mu 1888 poyesa kufewetsa kanjinga ka mwana wake. M'Chilatini deflare n'kuuzira chinthu kuti chiuluke, osati kuphwetsa, koma Angerezi sanasamale zimenezo. Anangochotsa in n'kuikapo de, liwu n'kugwira. Wina wa m'banjamo ndi conflate, kuphatikiza zinthu ziwiri ngati chimodzi. Aroma ankalinena za kukoleza moto ndi kusungunula zitsulo pamodzi, ntchito ya mvukuto. Ngakhale akatswiri a zakuthambo analibwereka liwu lathuli: Alan Guth mu 1981 anatcha inflation kufutukuka kwadzidzidzi kwa chilengedwe pachiyambi penipeni.

Pa mayeso msampha uli pa mawu awiri ofanana nkhope, deflation ndi disinflation. Loyambalo ndi pamene mitengo yambiri ikutsikadi. Lachiwirilo mitengo ikukwerabe, kungoti liwiro lachepa. Ngati chaka chatha zinthu zinakwera ndi 30 pa 100 ndipo chaka chino zakwera ndi 20 pa 100, nyuzipepala ilemba kuti inflation yatsika, koma botolo la mafuta ophikira lomwe linachoka pa K1,000 kufika pa K1,300 tsopano lili pa K1,560.