Miyezi itatu ya mafizo phewa langa litaguluka

Ndinagwa pa kabaza mwezi wa February, mvula itangokata kumene. Tayala lakutsogolo linaterereka pamatope, ine n'kutambasula mkono wamanja kuti ndisamenyetse nkhope pansi. Podzuka ndinapeza phewa litaphwa mbali imodzi, ndipo mkono ndinkachita kuunyamula ndi dzanja lamanzere ngati khanda.

Anthu amene anandizungulira ankafuna kuukoka pomwepo kuti ubwerere. Ndinakana. Nthawi zina phewa likaguluka fupa limakhalanso litathyoka, ndipo wokoka pamsewu sangazione zimenezo. Kuchipatala anandijambula X-ray, anandibaya jakisoni wa ululu, adokotala a mafupa n'kubwezera fupalo m'malo mwake. Ndinatuluka mkono uli m'nsalu yokoleka m'khosi, m'buku langa la kuchipatala atalembamo tsiku lokaonana ndi a mafizo.

Ine ndinkaganiza kuti mafizo ndi a anthu amene anachita sitiroko basi. Ndinapita chifukwa analemba.

Patsikulo, patatha masabata awiri, mnyamata wa mafizo anayamba ndi mafunso. "Mayi, muli ndi zaka zingati? Muli ndi shuga?" Nditati 46 ndipo shuga ndilibe, anatenga kapu n'kuikhazika pa kasosala. Anati mutu wa fupa la mkono ndi waukulu, pamene umakhazikikapo ndi posaya kwambiri, n'chifukwa chake phewa limazungulira mbali zonse komanso limaguluka msanga kuposa chiuno. Chimene chimaligwira ndi timinofu tinayi tolizinga, timene iwo amati rotator cuff. Achinyamata vuto lawo limakhala kugulukanso mobwerezabwereza. A msinkhu wanga chimene chimatipeza ndi kung'ambika kwa minyewa kapena kuuma kwa phewa, ndipo a shuga limawaumira kwambiri. "Nsaluyi yagwira ntchito yake," anatero. "Mukapitiriza kuubisa mkono, phewa liuma."

Zoyamba zinali zazing'ono moti ndinakayika. Kuwerama, dzanja labwino litagwira tebulo, mkono wovulalawo uli lende, n'kumaupukusa tizizungulire tating'ono pogwedeza thupi. Kenako kugona chagada nditagwira mtengo wa tsache ndi manja awiri, dzanja lamanzere n'kumakweza lamanja pang'onopang'ono. Katatu patsiku. Anandipatsa lamulo limodzi lokhudza ululu: kumva kukoka n'kwabwino, koma zikabaya ngati singano ndisiye. Anandiletsanso kuika mkono mmene munthu amauikira pogenda mango, chigongono m'mwamba dzanja kumbuyo, chifukwa pamenepo m'pamene phewa limagulukiranso.

Usiku ndiwo unali wovuta. Ndinkagona chagada, pilo wina pansi pa chigongono, koma ndikangotembenukira kumanja m'tulo ndinkadzidzimuka misozi ili m'maso. M'mawa mwana wanga wamkazi ndiye ankandimanga duku ndi kundivundulira nsima. Apongozi anga anabwera ndi maganizo oti andithowe. Nditafunsa, a mafizo anati kansalu kofunda kuika paphewa musanayambe masewera n'kothandiza ngati kutupa kunatha, koma asakoke kapena kupotokola. Apongozi anasangalala kuti nawo apatsidwa gawo, ndipo ankathowa mosamala kwambiri.

Chimene ndinachikonda ndi kukwera khoma. Ndinkaima moyang'ana khoma la kukhitchini, zala n'kumayenda chokwera ngati kangaude mpaka pamene ndamvera kukoka. Pamenepo ndinkalemba kamzere ka khala. Tsiku loyamba kamzereko kanali pa msinkhu wa chibwano changa. Patatha masiku khumi kanadutsa mutu. Tsiku lililonse simuona kusintha, koma timizere takuda tija tinkandionetsa kuti ndikuyenda.

Sabata yachisanu kunagwa maliro kumudzi. Ndinakhala kumeneko masiku 9 osachita chilichonse, chifukwa pasiwa sungayambe kupukusa mkono anthu akulira. Nditabwerako zala sizinafikenso pakamzere kapamwamba. A mafizo anayeza ndi kachipangizo kawo konga marula awiri olumikizidwa. Mkono wabwino umakwera madigiri pafupifupi 180, wanga unali utafika 130, tsopano unabwerera pa 110. Sanandikalipire. Anangondionetsa zimene ndikanatha kuchita nditakhala pamphasa popanda wina kuzindikira: kukankhira mapewa kumbuyo ngati ndikufuna kupana pensulo pakati pa msana, n'kuwerenga mpaka 5. Zinanditengera masabata awiri kubweza zimene ndinataya m'masiku 9, ndipo zinandipweteka mtima kuposa phewa.

Kenako tinayamba zolimbitsa. Kuchipatala ali ndi malamba a mphira a mitundumitundu, koma ine anandiuza kuti ndipeze chubu chakale cha njinga, ndichidule chamlitali kuti chifewe. Ndinachimanga pa chogwirira cha chitseko. Chigongono chimakhala chitamatirira m'nthiti, kathaulo kopinda kali kunkhwapa, dzanja lokha n'kumakokera mphira kunja, kenako kubwerera mosathamanga. Kathaulo kakagwa ndiye kuti ndabera, ndagwiritsa ntchito thupi lonse m'malo mwa timinofu tija. Maulendo 10, kupuma, maulendo 10 ena. Pambuyo pake ndinayamba kukweza botolo la madzi la theka la lita, kenako la lita imodzi.

Kuchipatala ndinkapita kamodzi pa masabata awiri, ndipo sindinkakhalako ola lathunthu. Zina zonse zinkachitikira pakhomo, pakati pa chitseko ndi khoma la kukhitchini.

Pano tili mu May. Duku ndikumanga ndekha, zovala ndikuyanika pachingwe, ndipo sabata yatha ndinagonera kumanja mpaka kucha. Kufikira kumsana kuti ndimange zipi kudakali kovuta, ndiye ndikupitiriza kukoka kathaulo kumbuyo m'mawa uliwonse. Ndowa ya malita 20 anati ndidikire kaye, ikafunika amanditwika mwana wanga. Ya malita 10 ndadzitwika ndekha dzulo.