Kwa inu mwangofika kumene ku Joni

Abale anga mwangotsika basi pa Park Station, musaganize kuti Joni yense ndi Hillbrow, dera lothithikana la m'kati mwa tawuni. Ambirife timakhala kunja kwa tawuni, monga ku Randburg, Rosettenville ndi Cosmo City, ndipo moyo wake ndi wina.

Chimandipweteka kwambiri ine ndi mipanda. Nyumba zambiri zili ndi geti, waya wamagetsi pamwamba ndi galu. Mutha kukhala chaka osadziwa dzina la neba, ndipo palibe zokapempha mchere kuseri ngati kwathu. Amene amagwira ntchito zam'nyumba kapena zam'gadeni n'kumagona kachipinda kakumbuyo amasungulumwa zedi, mpaka Lamulungu likwane akaonane ndi anzawo kutchalitchi. Mukapeza mpingo wa Amalawi, ugwiritsitseni, chifukwa nkhani za ganyu, zipinda za lendi ndi za maliro zimamveka kumeneko.

Minibasi kuno amati takisi, ndipo mulibe kondakitala. Mumaimika ndi chala: kuloza kumwamba ndiye kuti mukupita m'tawuni, kuloza pansi ndi pafupi pomwepa. Ndalama mumapatsirana kuchokera kumbuyo, ndipo wokhala pafupi ndi dalaivala ndiye amawerenga n'kubweza chenji. Mukadali alendo musakhale kutsogolo.

Juni ndi Julayi kumazizira koopsa. Mzindawu uli pamtunda, mamita oposa 1,700, ndipo m'mawa udzu umayera ndi chisanu. Gulani bulangete lolemera msanga, koma chonde musagone ndi mbaula m'chipinda chotseka, utsi wa makala umapha anthu chaka ndi chaka.

Ufa uliko m'masitolo onse, nsima ndiye amati pap. Usipa ndi matemba funsani kwa amayi akwathu amene amaitanitsa pa basi.