Laisensi yosakira nyama ku Pennsylvania: pamene ndafika

Satifiketi ya maphunziro a ulenje ndatenga, ndipo laisensi ya chaka chino ili kale m'chikwama. Mfuti sindinagule. Anzanga ena akudabwa kuti bwanji ndayambira kumapepala, koma kuno ku boma la Pennsylvania, ku America, ndi momwe zimayendera. Aliyense wogula laisensi koyamba, kaya ndi mnyamata kaya wa imvi, ayenera kuyamba walowa kalasi ya Hunter-Trapper Education, ndipo zakhala choncho kwa alenje onse atsopano kuyambira 1982. Boma la New York ndilo linayamba kukakamiza maphunziro otere mu 1949, maboma ena n'kumatsatira.

Kalasiyi imayendetsedwa ndi Pennsylvania Game Commission, komishoni ya boma yoyang'anira nyama zakuthengo, ndi yaulere, ndipo imatenga pafupifupi maola 6. Ophunzitsa ndi alenje akale ongodzipereka, salandira kanthu. Mwana wa zaka 11 amaloledwa kulowa, moti pabenchi pathu panali ana, makolo awo ndi ife akuluakulu oyamba mochedwa. Ndinasankha ya pamaso m'malo mwa ya pa intaneti chifukwa ndinkafuna kugwira mfuti pamaso pa munthu woti andidzudzule, ndipo aliyense amene sanakulire pafupi ndi mfuti ndingamulangize zomwezo.

Mphunzitsi wathu, bambo wachikulire wolankhula pang'onopang'ono, anayamba ndi kupatsirana mfuti. Amaitsekula kaye, kusuzumira m'kati, kukuonetsa kuti mulibe chipolopolo, kenaka n'kuitambasula kukamwa kwake kutaloza kukhoma kopanda anthu. Saisiya mpaka utanena ndi pakamwa kuti wagwira. Chala chikangoyandikira pokokera, amakuyang'ana osalankhula mpaka uchichotse. Kenaka anatenga chipolopolo chabodza cha 20-gauge, chomwe n'chocheperako, n'kuchiponya mu mfuti ya 12-gauge, ya mpope wokulirapo. Chinatsetsereka n'kukakamira m'kati mwa mpope, osaonekanso. Munthu wosadziwa angaganize kuti mfuti ilibe kanthu, n'kuika china cha 12 pambuyo pake, ndipo akawomba mpope umaphulikira m'manja. N'chifukwa chake zipolopolo za misinkhu yosiyana sizikhala m'thumba limodzi.

Podumpha mpanda umachotsa zipolopolo, kuika mfuti pansi kuseri kwa mpandawo, ndiye n'kudumphira potalikirako ndi kukamwa kwake. Mukamayenda atatu mondondozana m'mbali, aliyense ali ndi chigawo chake chowombera, pafupifupi madigiri 45 kutsogolo kwake. Mbalame ikatuluka m'chigawo chako, yapita kwa mnzako, suitsatira ndi mfuti.

Koma gawo lomwe landisintha maganizo ndi la zithunzi. Amaonetsa chithunzi n'kufunsa kuti muwomba kapena ayi. Mbawala yamphongo yaima pamwamba pa chitunda, nyanga zooneka bwino, kumbuyo kwake kuli thambo lokha. Ambiri mtima unati womba. Yankho n'lakuti ayi, poti sukudziwa chomwe chili kuseri kwa chitundacho, ndipo ngakhale kachipolopolo ka .22 kamatha kuuluka kupitirira mailosi imodzi. China chinali cha tchire logwedezeka, pakuoneka kachigamba kofiirira. Ayinso, chifukwa kachigamba si nyama, kakhoza kukhala chovala cha munthu. Pa nkhukundembo zakuthengo anakhalitsapo: osavala zofiira, zoyera kapena zabuluu, popeza ndiyo mitundu ya mutu wa tambala wake, ndipo osanyang'amira kulira kwa mbalameyi, chifukwa wolirayo akhoza kukhala mlenje mnzako amene akuitanira. Ndinapita ndikuganiza kuti akatiphunzitsa kuwomba. Nthawi yambiri inathera pa kudziwa pomwe suyenera kuwomba, ndipo ndikuona kuti anachita bwino, poti kulunjika munthu amaphunzira yekha pabwalo loyeserera, pamene kudziletsa nyama ili pamaso kumafunika kukulowa m'mutu usanalowe m'nkhalango.

Mayeso anali osankha yankho, osavuta kwa amene wamvetsera.

Kugula laisensi kunali kwachangu, pa tsamba la pa intaneti la HuntFishPA, ndipo ya munthu wamkulu wokhala m'bomali ndi pafupifupi madola 21. Imayamba pa 1 July n'kutha pa 30 June, kaya wagula mwezi uti. Imakupatsa mbawala yamphongo imodzi pachaka, koma osati iliyonse: m'madera ambiri nyanga ya mbali imodzi iyenera kukhala ndi nsonga zosachepera zitatu. Yaikazi ili ndi laisensi yakeyake, yogulidwa padera ndiponso yogwira ntchito m'chigawo chimodzi chokha chomwe wasankha. Ukapha, umalemba kapepala n'kukamangirira kukhutu kwa nyama usanaisunthe, kenaka n'kudziwitsa komishoni pasanathe masiku 10. Malipoti amenewa ndi ena mwa zomwe akatswiri amayang'ana pokonza chiwerengero cha malaisensi a chaka chotsatira, choncho sindikuwaona ngati chipsinjo.

Abale anga amene muli kuno pa viza ya sukulu kapena ya ntchito, samalani apa. Malamulo a dziko lonse la America amaletsa munthu wa viza yosakhalitsa kukhala ndi mfuti, ngakhale pali mpata kwa amene ali ndi laisensi yosakira yomwe ikugwira ntchito. Wa green card, chilolezo chokhala kuno mpaka kalekale, zake n'zosiyana. Musatengere za mnzanu, kafunseni loya wa za olowa m'dziko musanagwire mfuti ya wina aliyense. Nkhani ya alendo ndi mfuti kuno ndi yakale. Mu 1909 Pennsylvania inaletsa obadwira kunja amene sanakhale nzika kusaka ngakhale kukhala ndi mfuti yosakira, ndipo khoti lalikulu la dziko linavomereza lamulolo mu 1914 pa mlandu wa Patsone. Lero munthu ngati ine akulowa m'kalasi momasuka, ndipo sindikuzitenga mopepuka.

Kumudzi kwathu ndinakula ndikumva za uzimba, amuna ndi agalu, mikondo ndi zibonga, tchire litatenthedwa. Kuno kusaka mbawala ndi agalu n'koletsedwa, kuzikopa ndi chimanga kapena mchere n'koletsedwa pafupifupi paliponse, ndipo nthawi yosaka imayamba mphindi 30 dzuwa lisanatuluke n'kutha mphindi 30 litalowa. Suwomba mfuti pamtunda wosakwana mayadi 150 kuchokera panyumba ya anthu popanda chilolezo chawo. Malamulowa ali ndi pochokera. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 mbawala zinali zitatsala pang'ono kutha muno chifukwa chodula nkhalango ndi kusakira malonda. Komishoni inakhazikitsidwa mu 1895, inachita kugula mbawala kumaboma ena kuti zidzaswane, ndipo mu 1913 inayambitsa laisensi ya dola imodzi. Mu 1937 kunabwera lamulo la Pittman-Robertson, lomwe limatenga msonkho wa pa mfuti ndi zipolopolo, lero 11 peresenti pa mfuti zazitali, n'kuupereka kumaboma kuti asamalire nyama zakuthengo. Ndi ndalama zoterezi kunagulidwa State Game Lands, malo opitirira maekala 1.5 miliyoni omwe mlenje aliyense wa laisensi akhoza kulowa. Ndikaganiza za tchire lakwathu lomwe agogo ankati munali agwape koma lero mulibe, zimandikhudza kuona kuti nyama zikhoza kubwerera anthu akagwirizana pa malire.

Zovala ndagula: chipewa ndi vesiti za olenji wowala. M'nyengo ya mfuti lamulo limafuna masikweya inchi 250 a mtunduwu kumutu, pachifuwa ndi kumsana, kuti uzioneka mbali zonse. Maso a mbawala saona olenji monga timamuonera ife, choncho sumataya kanthu. Za kukwera m'mtengo ndazisiya kaye chaka chino. Aphunzitsi anatsindika kuti kugwa kuchokera pa kampando ka m'mtengo kumavulaza alenje ambiri, ndipo wokwera ayenera kudzimangirira kuyambira phazi likachoka pansi, mfuti n'kuikoka ndi chingwe ilibe chipolopolo. Ine ndikhala pansi, msana utatsamira mtengo waukulu, masokosi atakwirira miyendo ya thalauza kuopa nkhupakupa za matenda a Lyme, zomwe kuno n'zambiri.

Chatsala n'chakuti mnzanga wa kuntchito, amene wakhala akusaka kuyambira ali mwana, wavomera kupita nane kubwalo loyeserera la komishoni, komwe laisensi yanga ikundilola kulowa, kuti ndiyese mfuti zake ndisanasankhe yanga. Ndikuwerenganso za Chronic Wasting Disease, matenda a ubongo wa mbawala omwe anapezeka muno koyamba mu 2012, chifukwa m'madera ena suloledwa kutulutsa mutu ndi msana wa nyama. Nyengo yaikulu ya mfuti imatsekulidwa Loweruka lotsatira Thanksgiving, tchuthi cha kumapeto kwa November. Ndadziikira malire akuti ngati pofika nthawiyo zipolopolo zanga sizikugwera pamodzi pa mayadi 100, ndipita ndi mnzangayo wopanda mfuti, kukaphunzira kutsata mapazi ndi kutumbula.