Tsiku limene Namondwe anamwa madzi a ku Italy

Amalume anga akhala akukonza magalimoto ku Ndirande kwa zaka zoposa 30. Injini ikangolira iwo amadziwa chavuta boneti isanatsegulidwe. Ine muphwa wawo sipanala ndikaigwira imandisupula chala. Koma pa laputopu, abale, ndinali injiniya wamkulu, ndipo panalibe wondiuza kanthu.

Chinandipatsa matama ndi gemu ya Automation, yopangidwa ndi Camshaft Software ya ku New Zealand. Mmenemo galimoto umaipanga wekha kuyambira poyambirira: masilinda akhale angati, mapisitoni akule bwanji, imwe petulo wanji, magiya akhale angati, matayala anenepe motani. Kuyambira 2018 galimoto yakoyo ungathe kuisamutsira mu gemu ina, BeamNG.drive, ya anthu a ku Bremen ku Germany, n'kuiyendetsa. Gemu imeneyi ilibe chisoni. Ukagunda mtengo chitsulo chimapindika ngati chitini cha sobo chopondedwa ndi lole, rediyeta imatayikira, tayala limagudubuzika lokha kukusiya pamsewu.

Ndiye gulu lathu la pa Discord, pulogalamu yochezerana pa intaneti, linalengeza mpikisano. Aliyense apange galimoto ya chaka cha 1985, mtengo wake usapitirire malire amene anaikidwa, kenako tonse 12 tikumane pa BeamMP, imene imalola anthu ambiri kuyendetsa pamsewu umodzi. Msewu wake unali wa pa mapu a Italy, wotsika phiri mokhotakhota mpaka kugombe la nyanja. Lamulo lomaliza, limene ndinaliwerenga ndikuyasamula, linali lakuti ukachita ngozi palibe kuyambiranso. Pomwe wagwerapo ndi pomwepo.

Ndinasankha kagalimoto kakang'ono, kopepuka, n'kupanikiziramo chiinjini cha V8 cha malita 5 chokhala ndi turbo. Mphamvu yake inapitirira ya mahatchi 600. Nditafika pa matayala ndinapeza ndalama zatsala zogulira zitumbuwa. Ndinaika matayala owonda ngati a njinga ya kabaza. Pa mabuleki napo ndinatenga otsika mtengo kwambiri, a dilamu, mawilo onse anayi. Gemu inandichenjeza ndi zilembo zofiira kuti mabuleki amenewa akatentha adzaleka kugwira. Ndinaona ngati nsanje chabe. Madzulo awiri otsatira ndinawathera poika nyali, bampa ndi mapaipi anayi a ekizosi, kusuntha kuno kusuntha uko kuti zikhale molingana. Dzina ndinaipatsa loti Namondwe.

Lamulungu amalume anabwera kudzadya nafe nsima, ndipo ndinawatsegulira laputopu ndili nyang'wanyang'wa. Anavala magalasi awo omangidwa ndi ulusi, n'kuyang'ana manambala a injini. Anagwedeza mutu. Anayang'ana mabuleki. Anavula magalasi.

"Mphwanga, chimenechi chikathamanga, chochiimitsa n'chiyani?"

"Amalume, uwu ndi mpikisano wothamanga, si woima ayi."

Sanandiyankhe. Anangosamba m'manja n'kufunsa mayi a kunyumba ngati chambo chatsalako.

Kuyesa ndinayesa ndithu, musandinamizire. Kungoti ndinayesera pamsewu wowongoka, pomwe Namondwe ankauluka mondigwetsa misozi ya chimwemwe. Za kukhota ndinati tidzaonera komweko.

Tsiku la mpikisano analemba kuti tiyamba 19:00 UTC. Ine zilembo zitatu zakumapetozo ndinaziyesa zokongoletsa. Pofika 7 koloko madzulo ndinali nditakhala kale pampando, mahedifoni kumutu, bandulo ya intaneti yatsopano, tiyi pambali. Pamsewu panali ine ndekha. UTC ndi nthawi imene mayiko onse amayezerapo nthawi zawo, ndipo ku Malawi kuno tili patsogolo pake ndi maola awiri, koma zimenezi ndinazizindikira tiyi wachiwiri atazizira. Mayi a kunyumba anasuzumira kangapo.

"Kodi abambo, anzanuwo alipodi, kapena mumangoseweretsa bandulo?"

Itakwana 9 koloko anayamba kutulukira mmodzimmodzi. Nditaona magalimoto awo ndinachita manyazi m'malo mwawo. Tinjini ting'onoting'ono, matayala onenepa, palibe ndi mmodzi yemwe wa mapaipi anayi. Mnyamata wina wa ku Poland anabwera ndi kagalimoto ka injini ya malita 1.6 kooneka ngati kopitira kumsika. Anandifunsa tanthauzo la Namondwe, ndinamuuza monyadira.

Atati tiyeni, onse ananyamuka. Ine ndinatsala pomwepo. Matayala akumbuyo ankangozungulira pamalo amodzi, utsi uli tolotolo, injini ikubangula ngati ng'ombe yopita kokaphedwa. Anzanga ambiri ali ndi chiwongolero ndi mapedulo enieni, amatha kuponda pang'onopang'ono. Ine ndili ndi kiyibodi, ndipo batani silidziwa pang'ono: mwina wapondereza mafuta onse, mwina sunaponde n'komwe. Matayala aja atagwira phula, Namondwe anadumpha. Ndinadutsa mmodzi, awiri, asanu. Ndinakuwa mpaka mwana anatembenuka kuchipinda.

"Abambo! Anthu agona!"

Pakona yoyamba mabuleki anagwira. Yachiwiri anagwira monyinyirika. Vuto la dilamu, monga ndikudziwira tsopano, n'lakuti ndi yotsekeka ngati mphika wovundikira. Kutentha kulibe kothawira, pomwe buleki ya mtundu wina, ya disiki, imakhala pamtunda mphepo ikuiomba. Potsika phiri, kona iliyonse imawonjezera moto mumphikamo. Pofika kona yachisanu ndinali wachiwiri, kutsogolo kwanga kuli kagalimoto kakumsika kaja kokha, ndipo patsogolo pake msewu unapindika ngati chigongono, kuseri kwake nyanja ili mbee.

Wa ku Poland anaponda mabuleki, nyali zake zofiira zinayaka, n'kuyamba kukhota mwaulemu. Nanenso ndinadina batani langa. Palibe chinachitika. Ndinadina ndi zala ziwiri. Ndinaimirira pampando n'kudina ndi thupi lonse, ngati laputopu imva kulemera kwanga. Ndinamudutsa mnyamata uja ngati mwala wa legeni, ndipo ndikufuna zilembedwe kuti kwa masekondi awiri athunthu ine ndinali nambala wani pa mpikisano wa mayiko ambiri.

Kenako phula linatha. Namondwe anagunda m'mphepete mwa msewu, bampa imene ndinaikonza usiku wonse inapita kwayokha, galimoto inatembenuzika m'malere kawiri, mawilo kumwamba, n'kugwera m'madzi kuti phava. Injini ya mahatchi 600 inameza madzi, inatsokomola kamodzi, n'kukhala chete.

M'mahedifoni munali zii kwa kanthawi. Kenako munthu wina anaphulika kuseka, ena n'kutsatira, mpaka mmodzi anagunda khoma chifukwa cha phwete. Wa ku Poland anafunsa mwaulemu wake womwe uja ngati Namondwe ndi mphepo ya pamtunda kapena ya panyanja.

Lamulo lija ndinalikumbukira tsopano. Sindikanatha kuyambiranso, ndipo kutuluka ndinkachita nako manyazi. Choncho ndinakhala pansi pa nyanja mphindi 20, bandulo ikudyeka, ndikumvera anzanga akupikisana kumtunda. Anapambana ndi wa kagalimoto kakumsika. Pofika m'mawa kavidiyo ka ulendo wanga wa m'malere kanali kataikidwa m'gulu, kochedwetsedwa dala kuti aliyense aone bwino mapaipi anayi akulowa m'madzi.

Ndinapempha mayi a kunyumba kuti nkhaniyi ithere m'nyumba momwemo. Analonjeza. Lachiwiri masana foni inalira.

"Mphwanga, ndamva wagula boti."

"Amalume, netiweki inavuta pang'ono."

"Eya, netiweki. Loweruka ubwere kugalaja. Kuli minibasi yofunika kuchotsa madilamu akumbuyo, ndikufuna uwagwire ndi manja ako akadali otentha. Uvale zakutha."