Kufufuma m'mimba ndi kutopa si zilonda nthawi zonse

Lero ndamvanso wina akuti "ndi zilonda za m'mimba basi", chonsecho wakhala akumeza omeprazole wogula yekha kwa miyezi. Zimandiwawa. Mimba ikamafufuma mukangodya, mpweya osatha, kutsegula pafupipafupi, thupi lili lefu, mwina ndi SIBO: mabakiteriya achulukana m'matumbo aang'ono. Amalanda vitamini B12, magazi n'kuchepa, n'chifukwa chake mumadzuka muli otopa. Omeprazoleyo amachepetsa asidi wa m'mimba, ndipo akamwedwa nthawi yaitali angapatse mabakiteriyawo mpata wochulukana.

Chonde pitani kwa dokotala, akuyezeni magazi ndi B12. Poyeza mpweya wotuluka m'kamwa kuti aone ngati ndi SIBO, musadye maola 12, ndipo pakhale patadutsa milungu 4 kuchokera pamene munamwa maantibayotiki komaliza, apo ayi zotsatira zimanama. Rifaximin, mankhwala opha mabakiteriyawa, kawirikawiri amamwedwa masiku 14, koma gwero la SIBO, monga matenda a shuga kapena opaleshoni yakale ya m'matumbo, likapanda kuunikidwa vutoli limabwereranso.